Nsomba za ku Kabulonga

Kabwata, Lusaka
Okutobala, 2005

Alamu anga Che Mubarak,

Asalaamu aleikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mayi a kunyumba, ana ndi zidzukulu zonse kumeneko ku Zomba. Bondo lija linkakuvutani likupeza bwanji? Tamva kuti chaka chino njala yakula kumudzi. Mulungu akuoneni. Kuno tikusala Ramadhani dzuwa likuswa mtengo, moti pofika masana malata amachita kulira.

Musadabwe kuti walemba ndine, osati mng'ono wanu Che Hemedi. Iwo sakudziwa kuti ndikulemba. Apita ku ntchito, ndipo ine ndakhala pakhomo la kukhitchini pomwe ndingamve mwana wathu Bushra akaitana.

Ndiyambe ndi za ntchitoyo, chifukwa popanda iyo simungamvetse zinazo.

Mukudziwa kuti boma litagulitsa kampani ija yoziziritsa nyama, mng'ono wanu anali m'gulu la ochotsedwa. Chomwe sitinakuuzeni ndi mmene anakhalira pambuyo pake. Anayesa kugulitsa nsalu ku Kamwala, zinakanika. Anayesa kukonza mafiriji a anthu, koma anyamata ochita zomwezo anali mbwee. Kenako anangokhala. Zaka zambiri munthu wamkulu ankadzuka, kuswali, n'kukhala pampando kuyang'ana msewu. Pakhomo tinkadya za zitumbuwa ndi masamusa anga. Sankadandaula, koma ankayenda ngati wanyamula thumba la simenti lomwe ena sakuliona.

Chaka chatha kunabwera bambo wina wa ku Kabulonga, kuno timati ba Kalenga, yemwe kale anali bwana wawo ku kampani. Kuseri kwa nyumba yake, m'kati mwa mpanda wautali, anamanga mathanki a simenti n'kuikamo makina oziziritsa madzi. Ankafuna kuweta nsomba za tirauti zoti azigulitsa ku mahotela akuluakulu a m'tauni. Anthu anamuseka kuti nsomba ya m'madzi ozizira ingakhale bwanji ku Lusaka. Iye anakumbukira kuti Che Hemedi amadziwa makina, komanso kuti ali mnyamata anagwirapo nanu ntchito m'madamu a tirauti paphiri la Zomba. Anawatenga.

Alamu, mukanamuona mng'ono wanu masiku amenewo. Anameta ndevu bwinobwino, anandiuza kuti ndimusitire malaya. Pa minibasi ankakhala kutsogolo.

Poyamba nsomba sizinkakula. Zinkadya monyinyirika, zina zinkamera zoyera ngati thonje pamsana n'kufa. Ndiye ba Kalenga anaitana mayi wina wachitsikana wa ku yunivesite, ba Lubuto, amene amafufuza za chakudya cha nsomba. Mayiyu anati ayese kuthira madzi a zitsamba pa timibulu ta chakudya chija: adyo, jinja ndi masamba a chamwamba. Anati thanki imodzi izidya chothira zitsamba, inayo izidya chakale, kuti aone kusiyana kwake.

Ntchito yokonza madziwo inagwera Che Hemedi, ndipo ankachitira pano pakhomo. Mtondo wanga wa nsinjiro unasanduka wa adyo. Ankasinja, kuviika, kusefa ndi kansalu koyera, n'kuthira m'mabotolo. Nyumba yonse, zovala, ngakhale masamusa anga zinayamba kununkha adyo. Oyandikana nawo ankatiseka kuti mfiti sizingayandikire pano.

Zinagwira. Nsomba za m'thanki ya zitsamba zinayamba kulimbirana chakudya, zoyera zija zinatha, ndipo zinakula kusiya zinzake kutali. Madzulo aliwonse nkhani inali imeneyo. Ine ndinkasangalala, chifukwa mwamuna wanga anali atabwerera.

Tsopano za Bushra.

Munamva kuti mwamuna wake Norbert anamwalira ku Kitwe atadwala nthawi yaitali. Abale ake anati chinali chifuwa chachikulu. Maliro atatha anatenga katundu yense, mpaka mbale, ndipo mwana wathu anafika kuno ndi chikwama chimodzi. Nditamuona akutsika basi ndinamudutsa. Anachita kundigwira chitenje n'kunena kuti Amayi, ndine.

Anali ataonda, akutsokomola, m'kamwa muli zilonda, ndipo m'mimba simunkakhazikika. Ine ndinadziwa. Mu Kabwata muno palibe mayi amene sadziwa maonekedwe amenewa. Taika ana a anzathu ambiri.

Kukhomo loyandikana nafe kumakhala ba Bernadette, mayi wa Chikatolika amene amayenda ndi gulu la kutchalitchi kwawo kusamalira odwala m'makomo. Anandikokera pambali n'kundiuza kuti masiku ano zinthu zasintha, mankhwala a ma ARV akuperekedwa ulere ku kiliniki, ndipo iwo aona ndi maso awo anthu amene ankanyamulidwa pa wilibala akudzuka n'kubwerera ku msika. Anati tisachedwe.

Nditawauza bambo ake, anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati mwana wawo alibe matenda amenewo. Anati ndi chisoni cha umasiye chamulanda chilakolako cha chakudya, ndipo munthu wosadya amagwidwa ndi kalikonse. Anati nsomba zijanso zinali choncho: zosadya, zofooka, zoyera pakhungu. Anati cholengedwa ndi cholengedwa, Mwini wake ndi mmodzi, ndipo chimene chadzutsa china chikhoza kudzutsa chinzake.

Tsiku lomwelo anatenga botolo limodzi mwa a nsomba, anathira m'kapu, anasungunula ndi madzi ofunda, n'kumupatsa Bushra. Kuyambira pamenepo wakhala akumwa m'mawa ndi madzulo.

Sindikubisirani, masabata oyamba anayamba kudyako. Phala ankamaliza. Zilonda za m'kamwa zinachepa. Bambo ake anabwereka sikelo yopondapo kwa akazi a ba Kalenga, ndipo Lachisanu lililonse akachokera ku mzikiti amamuimika pamenepo, kugwada pansi, kuyang'anitsitsa muvi. Ine ndinayamba kuganiza kuti mwina ndine wopupuluma.

Koma chifuwa sichinathe, ndipo thukuta linkanyowetsa zofunda. Tsiku lina bambo ake atapita ku ntchito, ine ndi ba Bernadette tinamutengera ku kiliniki. Anamuyeza magazi. Anatuluka m'kachipinda kaja, anakhala pafupi nane pabenchi, n'kundiuza kuti kachilombo kalipo, ndipo iye ankadziwa kale kuyambira Norbert asanamwalire. Namwino anati chitetezo cha m'thupi chatsika kwambiri, ayambe mankhwala msanga, ndipo abwere ndi munthu wa pakhomo amene azimukumbutsa kumwa. Ndinati munthuyo ndine, ndili pano. Bushra anati ayi, ayambe wawauza Ababa ake.

Ndinkaopa kuti kukhala phokoso. Sikunakhale. Bushra anawauza bambo ake atakhala pamphasa, iwo ali pampando. Anamvetsera mpaka anamaliza, maso ali pa zala zawo. Kenako anayankhula motsitsa mawu, ndipo mawu ake ndikuwakumbukira onse.

"Mwanangu, sindikukuletsa. Koma ukasakaniza mankhwala awiri, sitidzadziwa amene akuchiza. Thanki imodzi, chakudya chimodzi. Ndipatse mpaka tsiku lokolola nsomba. Ukapanda kusintha, ndidzakuperekeza ndekha."

Bushra anati chabwino, Ababa.

Titatsala awiri ndinamugwira mapewa, mafupa okhaokha, n'kumufunsa ngati wapenga. Ndinamuuza kuti iye si nsomba. Anaseka pang'ono mpaka kutsokomola, kenako anandifunsa kuti, "Amayi, kodi Ababa munawaona liti akuyenda mutu uli m'mwamba? Mukufuna ndikhale ine wowauza kuti chinthu chawo chimodzi chomwechi n'chopanda ntchito?"

Bushra ndi munthu wamkulu, anakwatiwapo, waika mwamuna m'manda. Ndikhoza kumunyamula kumsana mpaka ku kiliniki, koma sindingamumwere mapiritsi.

Ndayesa zitseko zonse zimene ndikuzidziwa, alamu.

Ndinapita kwa a shehe athu. Anandimvera chisoni, ndipo Lachisanu lotsatira analalikira kuti Mulungu sanatsitse nthenda popanda kutsitsanso mankhwala ake, ndipo kupita ku chipatala si kuchepa kwa chikhulupiriro. Che Hemedi anabwera kunyumba akuyamikira ulalikiwo. Anati a shehe anena zoona, mankhwala Mulungu anawaika m'zomera, anthufe ndife aulesi kufufuza.

Ba Bernadette anayesa kuyankhula nawo pakhomo. Anawalandira mwaulemu, anawapatsa mpando, n'kuwauza kuti zikomo ba neba, koma za m'nyumba muno tizithana nazo tokha. Kuyambira pamenepo ba Bernadette amabwera iwo akachoka.

Kenako ndinaganiza za ba Lubuto, poti nzeru ya zitsambayo inachokera kwa iwo. Ndinakwera minibasi ziwiri kukawafuna ku yunivesite, ndinafunsa mpaka ndinapeza ofesi yawo. Nditawafotokozera, anagwira pakamwa. Anati zimenezo anazikonzera nsomba, kuti zizidya bwino ndi kulimba, ndipo sizingaphe kachilombo m'thupi la munthu. Anatseka ofesi nthawi yomweyo n'kupita nane ku Kabulonga.

Anawapeza Che Hemedi akumwaza chakudya m'thanki. Anawauza mosazungulira, m'Chinyanja chawo cha kuno chosakaniza ndi Chingerezi, kuti ba Hemedi, mwana wanu azafa. Mng'ono wanu sanakwiye. Anawafunsa ngati anayamba ayesapo pa munthu. Ba Lubuto anati ayi. Iye anati ndiye mukudziwa bwanji kuti sizigwira, si inu nomwe munandiphunzitsa kuti chinthu usanachiyese usachiweruze? Mayi uja analira. Anapita kwa ba Kalenga kukapempha kuti zoyesazo zithe, koma ba Kalenga anati nsomba ndi zawo, zikukula bwino, ndipo za m'banja la wantchito sangalowererepo.

Pano pali chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi, koma ndilembe. Ndinayamba kupempha Mulungu kuti nsombazo zife. Pa swala iliyonse ndinkapempha. Ndinkati zikafa, mwina maso ake atseguka. Magetsi akazima kuno ku Kabwata mtima wanga unkadumpha, ndikuganiza kuti mwina ku Kabulonga azimanso. Koma kumeneko kuli jenereta.

Tsiku lina masana ndinapita konko kukawasiyira mabotolo amene anaiwala. Mlonda wa pageti ananditsegulira. Che Hemedi anali atatumidwa m'tauni kukagula chitsulo cha pampu, ndipo kuseri kunalibe munthu. Makina oziziritsa aja ankalira pakona, ndipo batani lake ndinkalidziwa, chifukwa anandionetsapo monyadira. Kunkatentha kwambiri. Ndinadziwa kuti nditazimitsa n'kuchoka, pomwe azibwera adzapeza zonse zitayandama.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja lili pakhoma pafupi ndi batanilo. Nsomba zinkazungulira m'madzi oyera, zonenepa, zamawangamawanga, m'mbali muli mzere wofiirira. Zitaona mthunzi wanga zinabwera zonse pamwamba, kuganiza kuti ndabweretsa chakudya.

Ndinalephera. Ndinaganiza za ba Kalenga akumuthamangitsa mwamuna wanga ngati wakuba, ndi iye atabwerera pampando uja woyang'ana msewu. Ndinaganizanso kuti akadzadziwa kuti ndine, sadzamvanso mawu anga ngakhale amodzi, ndipo Bushra adzakhala wopanda womuyankhulira. Ndinasiya mabotolo pamthunzi n'kutuluka. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino.

Tsiku lokolola linafika sabata yatha. Kunabwera magalimoto a ku mahotela. Nsomba za m'thanki ya zitsamba zinali zazikulu moti ophika a kumeneko ankalimbirana. Ba Kalenga anamugwira dzanja Che Hemedi pamaso pa alendo n'kunena kuti uyu ndiye dokotala wa nsomba. Anamupatsa imodzi yaikulu kuti akadye ndi banja.

Anafika nayo kunyumba itakulungidwa m'nyuzipepala, nkhope ikuwala. Sanalole kuti ndiphike ine. Anaiwotcha yekha pa mbaula, anachotsa minga ndi zala zake, n'kumudyetsa Bushra ngati khanda. Mwana anameza kawiri, kachitatu anabweza zonse. Iwo anapukuta pansi okha n'kunena kuti m'mimba mwangodabwa ndi mafuta.

Ndinawakumbutsa lonjezo lawo. Ndinati nsomba zakololedwa, mawa tipite ku kiliniki. Anatulutsa sikelo, anamuimika mwana pamenepo akumugwirizira m'khwapa, ndipo muvi unakweradi kuposa sabata zapitazo. Anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Anati pangano linali lakuti akapanda kusintha, ndipo apa wasintha. Anapempha kuti tidikire mpaka Idi.

M'mawa mwake ba Bernadette atabwera, ndinawauza za sikeloyo, mumtima ndili ndi kachiyembekezo. Iwo anakweza chitenje cha Bushra, anadinikiza chala pamsongolo, n'kuchotsa. Panatsala dzenje, ndipo silinabwerere. Miyendo yonse yatupa mpaka m'mawondo. Chimene chikukweza muviwo ndi madzi.

Ndinawaonetsa bambo ake dzenje limenelo madzulo ake. Analiyang'ana, anakweza maso kuyang'ana kudenga, n'kupita kukasinja adyo.

Alamu, ine ndikuona kuti mng'ono wanu akudziwa. Munthu amene amazindikira kuti nsomba yadwala poona mmene yatembenukira m'madzi sangalephere kuona mwana wake. Koma wayenda mtunda wautali m'njira imeneyi, ndipo kubwerera kukutanthauza kuvomera kuti miyezi yonseyi anamuchedwetsa ndi iye. Akufunika munthu womugwira dzanja n'kumutembenuza. Ine ndalephera, a shehe alephera, ophunzira alephera. Mwatsala inu.

Bambo anu atamwalira, mng'ono wanuyu munamulera ndinu. Mpeni woyamba wotumbulira nsomba munamupatsa ndinu. Mpaka lero akamakamba za tirauti amati achimwene ankati chakuti, achimwene ankachita mwakuti. Mukamuuza inu kuti Hemedi, zakwana, nyamula mwana, sadzakuyankhani mawu awiri. Ndipo Bushra akamva Ababa ake akunena okha kuti tiye, adzadzuka. Sakudikira china.

Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali, bondo likuvuta, ndipo kumudzi kuli njala. Sindikanapempha pakanakhala njira ina. Musayankhe ndi kalata, chifukwa kalata adzaiwerenga, adzaipinda bwinobwino, n'kunena kuti achimwene sanaone okha. Musatumizenso mankhwala a kumudzi, tili nawo okwana. Bwerani inuyo. Musadikire Idi. Namwino uja anauza ba Bernadette kuti pali pena pamene munthu akafika, ngakhale mapiritsiwo amapeza mochedwa, ndipo sanganene kuti Bushra watsala patali bwanji ndi pamenepo.

Mukadutsa ku Mchinji n'kufika ku Chipata, mabasi a ku Lusaka amanyamuka m'mamawa. Mukatsika m'tauni funsani minibasi za ku Kabwata, muuze kondakitala akutsitseni pa msika. Aliyense wa pamenepo akulozerani kwa amayi a masamusa.

Pamene ndimalemba izi Bushra anaitana kufuna madzi, ndipo ataona pepala anafunsa kuti ndikulembera ndani. Ndamuuza zoona. Anati ndikupatseni moni, ndipo ndikupempheni kuti mukadzafuna kuwadzudzula Ababa, mudzatuluke nawo panja, iye asamve.

Pempho langa ine ndi limodzi. Mng'ono wanu akadzakuonani adzasangalala, ndipo musanavule n'komwe nsapato adzafuna kukutengerani ku Kabulonga kuti mukaone ntchito yake. M'mathanki aikamo kale tiana tina ta nsomba, ndipo tikudya bwino. Chonde mudzakane. Mudzayambe mwalowa m'chipinda, mukhale pafupi ndi mphasa, mumuone mwanayo. Nsomba zimene zija n'zokongola kwambiri, ndipo iye akamazifotokoza munthu umakhulupirira.

Mundiperekere moni kwa mayi a kunyumba, kwa achemwali a ku Chinamwali ndi ana onse. Mutikumbukire m'maduwa anu, popemphera mwezi uno. Mulungu akusungeni, akupepuzireni njira, ndipo akufikitseni tikadali tonse.

Ndine mlamu wanu,

Asia, mayi a Bushra